Khoswe wa pamkhate saphedwa ndi mfuti

Alimi anzanga a m'tauni, chimanga chauma ndipo ambiri mwayamba kukolola. Ku Area 25 ndi ku Mgona njinga zikudutsa zitasenza matumba. Ku Chinsapo ndi ku Area 23 mabwalo a nyumba ayera ndi chimanga choyanika, pomwe inu a madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi mukukonza mabedi a tomato ndi mpiru. Ino ndi nyengonso imene akuba a miyendo inayi amanenepa. Mbewa zomwe zaswana m'minda nthawi ya dzinja zikusaka pobisala, makoswe akulowa m'nyumba kulondola fungo la chimanga chatsopano, ndipo kumene kukadali mitengo agologolo akutsika kudzatola mtedza pamphasa.

Pamisonkhano ya alimi pali funso limene layamba kubwerabwera, makamaka kuchokera kwa achinyamata amene amaonera makanema pa foni. Amaona alenje a kunja akugwetsa agologolo ndi kamfuti kakang'ono, ndiye amafunsa ngati kalabu yawo singasonkhe ndalama n'kugula kamodzi koti kazilondera dimba ndi nkhokwe. Funsoli ndi lomveka. Munthu amene wagula feteleza pa mtengo wa masiku ano, kenako n'kupeza thumba labooledwa pansi, mtima umamuwawa ndipo amafuna chida chothetsa mkangano lero lomwe. Tiyeni tione kuti mfutiyo ndi yotani, eni ake amati chiyani, ndipo ingatichitire chiyani kwathu kuno.

Kamfuti kamene mumaona pa foni

Mfuti imene alenje a agologolo ku America amaikonda imatchedwa .22. Nambalayi ikunena za kunenepa kwa chipolopolo, komwe ndi mamilimita pafupifupi 5.6, kucheperako pang'ono pensulo. Kachipolopoloka kamalemera magalamu osakwana 3. Mfuti za mtunduwu amazitcha rimfire chifukwa mankhwala oyatsira onga amakhala m'mphepete mwa tsinde la chipolopolo, ndiye kachitsulo ka m'mfuti kakamenya m'mphepetemo onga umayaka. Chipolopolo chofala kwambiri, chotchedwa .22 Long Rifle, chinayamba kupangidwa mu 1887 ndipo chikugulitsidwabe mpaka lero.

Eni mfutizi amaziyamikira pa zinthu zingapo. Ndi zopepuka, sizikankha phewa, phokoso lake ndi lochepa poyerekeza ndi mfuti zikuluzikulu, komanso zipolopolo zake kwawoko ndi zotsika mtengo. Amatinso nyama siwonongeka monga imachitira ndi mfuti zomwaza tizipolopolo tambiri nthawi imodzi. Pomwe amasiyana ndi pa mtundu. Ena amakonda Ruger 10/22, yomwe inatuluka mu 1964 ndipo imadziikira yokha chipolopolo china mukangoombera. Ena amakonda za kampani ya CZ ya ku Czech Republic zokoka ndi dzanja, ponena kuti zimalunjika bwino ndipo zimaphunzitsa munthu kudekha. Palinso chipolopolo cha .17 HMR, chomwe chinabwera mu 2002. Chimathamanga kwambiri, koma ndi chodula, chaphokoso, ndipo chimang'amba nyama.

Zimene onse amagwirizana ndi zomwe ife tiyenera kumvetsera. Mlenje amalawira m'mamawa, n'kukhala chete pansi pa mtengo m'nkhalango yotakasuka, kudikira kuti gologolo aime. Amaombera pafupi, kawirikawiri pa mtunda wa mamita 20 mpaka 50, ndipo amalunjika kumutu. Tsiku labwino amabwerera ndi agologolo owerengeka pa zala. Boma la dera lawo limaika nyengo yosakira, laisensi, komanso chiwerengero chimene munthu angaphe pa tsiku. Gologolo wawoyo ndi wamkulu, amafika theka la kilogalamu, pomwe wathu wa m'thengo amangolemera magalamu pafupifupi 200. Kwa iwo awa ndi masewera komanso ndiwo. Sachita izi pofuna kupulumutsa munda. Ndipo lamulo loyamba limene amaphunzitsa ana awo ndi lakuti usaombere usanadziwe chimene chili kuseri kwa nyamayo.

Kuseri kwa gologolo wanu kuli ndani?

Musanyengeke ndi kuchepa kwa chipolopolo cha .22. Chimatuluka pa liwiro loposa mamita 300 pa sekondi imodzi, ndipo pa mabokosi ake pamalembedwa chenjezo lakuti chingavulaze munthu amene ali kutali kuposa kilomita imodzi ndi theka. Amenewo ndi mabwalo a mpira 15 ondondozana. Mukaloza m'mwamba kwa gologolo amene ali pa nthambi ya mango n'kuphonya, chipolopolocho chikatsikira kumene simukuona. Chikagunda mwala, nthaka youma ya mu July, khoma la simenti kapena madzi a mumtsinje, chimanjanja n'kusintha njira. Malata a nyumba sachiimitsa, mpanda wa udzu ndiye osanena.

Tsopano taimani pabwalo la nyumba yanu ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mgona, muyang'ane mbali zonse zinayi. Uku kuli bafa ya aneba, uku mjigo kapena kiyosiki ya madzi pomwe amayi ali pamzere, uku ana akusewera phada, uku njira yopita kusukulu. Palibe mbali imene mungaloze mfuti popanda munthu kuseri. Ngakhale kudimba, tsidya la mtsinje kuli mlimi mnzanu atawerama m'mabedi, osaoneka chifukwa cha bango. Makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'makomboni athu mkhatewo ndi mwana wa mnzanu.

Chachiwiri ndi lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act, la chaka cha 1967. Munthu sagula mfuti ngati khasu. Pamafunika chilolezo chogulira komanso laisensi yokhalira nayo, ndipo zonsezi zimadzera kupolisi, komwe likulu lake lili ku Area 30. Laisensiyo imakhala ya munthu amene dzina lake lalembedwa, choncho maganizo oti kalabu igule mfuti imodzi yomabwerekana ndi njira yachidule yopitira kundende. Kupezeka ndi zipolopolo zokha popanda chilolezo ndi mlandunso. Gogodela wopangira kuseri kwa nyumba ndi woletsedwa, ndipo amatha kuphulikira mwini wake m'manja.

Palinso lamulo loteteza nyama zakuthengo, National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017. Pa nyama zotetezedwa kwambiri, monga ngaka, chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Ngati apusi kapena nyama zina zikuluzikulu zikukuvutitsani, makamaka inu oyandikana ndi nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, kanene ku nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo. Iwo ndi amene ali ndi udindo pa nyama zovutitsa anthu.

Nanga mfuti ya mpweya, ija ya tizipolopolo tating'ono tamtovu? Mphamvu yake ndi yochepa kusiyana ndi .22, koma imaboola diso, ndipo pafupi imatha kupha mwana. Musanaganize zogula, pitani kupolisi mukafunse zimene lamulo likufuna pa mtundu umene mwauonawo. Legeni nayo yaswa magalasi ndi kudanitsa aneba ambiri kuposa agologolo amene yagwetsa.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chimandikhudza ine monga mlangizi, mfuti siyingapambane masamu a makoswe. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere sabata zitatu zokha, amabereka ana 5 mpaka 8, ndipo anawo akatha miyezi itatu amayamba kuberekanso. Mbewa ya kapuku, imene imaononga kwambiri m'minda ya chimanga, imabereka ana 10 kapena kuposa pa nthawi imodzi. Zonsezi zimayenda usiku inu muli mtulo. Khoswe wamkulu amadya chakudya cholemera magalamu pafupifupi 15 pa tsiku. Makoswe 20 okhala m'nyumba mwanu kwa miyezi 6 amaliza thumba lathunthu la makilogalamu 50, osawerengera chimene adetsa ndi mikodzo ndi ndowe. Mlenje wodziwa atapha awiri lero, enawo aswana kale kudenga.

Dziwani kaye amene akukuberani

Alimi ambiri amanamizira gologolo chifukwa ndi amene amaoneka masana. Komatu m'makomboni ambiri mitengo inatha, ndipo agologolo atsala m'mbali mwa mitsinje, kumanda ndi m'malo a mitengo ikuluikulu. Musanagule chilichonse, onani zizindikiro.

Gologolo amadya masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Amasiya mango, magwafa kapena mapeyala olumidwa mbali imodzi, ndi makoko a mtedza pansi pa mtengo kapena pa chitsa. Khoswe wa m'nyumba amakwera, amakhala kudenga, amasiya ndowe zazitali ngati mpunga wakuda ndi mzere wa litsiro m'mphepete mwa khoma momwe amadutsa. Kapuku ndi phanya amafukula mbewu zongobzala kumene. Mukaona timaenje tating'ono totsatana pa mzere, phando ndi phando, chimanga osamera, dziwani kuti ndi iwowo. Mfuko simuiona, koma imatukula timilu ta dothi ndipo mbatata kapena chinangwa zimafota chifukwa chodyedwa pansi. Nchenzi imakonda madimba a udzu wambiri ndi bango, imadula phesi la chimanga kapena nzimbe mopendeka n'kusiya tizidutswa pamulu. Bwampini amatuta chakudya m'masaya kupita nacho kuuna wake.

Ngati mukukaikabe, wazani phulusa kapena ufa pang'ono pansi mozungulira matumba madzulo. M'mawa mapazi akuuzani kukula kwa mlendoyo, kumene walowera ndi kumene watulukira. Pamenepo ndi pamene muyenera kutchera.

Ngati alidi gologolo

Gologolo saswana ngati khoswe. Amabereka mwana mmodzi mpaka atatu, choncho kumutsekera njira kumakwanira. Dulirani nthambi za mtengo wa zipatso kuti zitalikirane ndi denga, mpanda kapena mtengo wina ndi mamita awiri, poti iye amadumpha. Kenako kulungani thunthu ndi lata losalala, la mulifupi masentimita 60, pa msinkhu wa munthu wamkulu. Zikhadabo zake sizigwira pa lata. Mangani ndi waya momasuka ndipo muzimasula chaka ndi chaka kuti mtengo usapanikizike. Thyolani zipatso zikangokhwima, zikapsere m'nyumba. Mtedza woyanika muutchinge ndi waya wa nkhuku, kapena pakhale munthu pafupi. Nazale ya mitengo ndi ya mbewu zina nayonso imatetezeka ndi waya womwewo.

Tsekani chakudya, tsekani khomo

Khoswe amafuna zinthu zitatu: chakudya, madzi ndi pobisala. Mukam'mana ziwiri mwa izi amasamuka yekha. Chimanga chisakhalitse pa mikukwe kumunda, chifukwa mkukwe ndi nyumba yokhala ndi chakudya chomwe. Kololani, tongolani, yanikani pa lona mpaka chiume bwino. Poyesa, ikani chimanga chodzadza dzanja m'botolo louma lagalasi pamodzi ndi mchere wouma, mutseke n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga sichinaume.

Matumba asagone pansi. Ikani pa thandala la matabwa kapena mitengo, ndipo musiye mpata pakati pa matumba ndi khoma woti munthu n'kudutsa ndi tsache. Khoswe amadana ndi malo oyera, opanda pobisala. Sesani chimanga chotayika tsiku lomwelo. Mbewa yaing'ono imalowa pa bowo lolowa cholembera, khoswe pa bowo lolowa chala chachikulu. Yenderani nyumba yonse. Matani maenje ndi simenti, khomani kalata m'munsi mwa chitseko, ndipo ikani sefa ya waya pa mawindo a mpweya. Inu amene mukadali ndi nkhokwe ya panja, miyendo yake italike mita imodzi ndipo mwendo uliwonse muuveke lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi. Musatsamiritse khasu, makwerero kapena njinga pa nkhokwe, poti zimenezo ndi mlatho.

Kumbukirani kuti Actellic ndi mankhwala ena othira m'chimanga amapha anankafumbwe, osati makoswe. Matumba a PICS, aja a mapepala awiri mkati, amathandiza chifukwa fungo la chimanga silituluka, koma khoswe akawapeza pansi amawaboola ndipo thumba lobooka latha ntchito. Nawonso aikeni pa thandala. Amene mungakwanitse, nkhokwe yachitsulo kapena mgolo wotsekeka bwino ndi zimene mano a khoswe amalephera.

Inu oweta nkhuku, chakudya cha nkhuku chogona m'magome usiku ndi phwando la makoswe a mudzi wonse. Chotsani magome madzulo ndipo matumba a chakudya ndi madeya muwasunge mumgolo. Dzala likhale kutali ndi nyumba, lokwiriridwa. Milu ya njerwa, nkhuni ndi malata akale yotsamira khoma ichotsedwe.

Msampha umaposa mfuti

Msampha umagwira ntchito usiku wonse, sufuna laisensi, ndipo ndalama ya mfuti imodzi ingagule misampha ya mudzi wathunthu. Koma kutchera kuli ndi nzeru zake. Khoswe amakaikira chinthu chachilendo. Masiku awiri kapena atatu oyamba ikani msampha ndi nyambo koma osautchera, adye azolowere. Usiku wachinayi tcherani yonse nthawi imodzi. Ikani msampha m'mphepete mwa khoma, mbali ya nyambo itayang'ana kukhoma, chifukwa khoswe sayenda pakati pa chipinda. Wa kudenga mutchereni pa mtanda, msamphawo mutaumangirira ndi waya. Nyambo yabwino ndi chiponde, bonya, kapena madeya okazinga. Msampha umodzi m'nyumba ndi wochepa. Yambani ndi 5 kapena kuposa, ndipo muziyendera m'mawa uliwonse.

Kumunda, diwa la makolo athu likugwirabe ntchito. Njira ina ndi ya ndowa. Kumbirani ndowa kapena mtsuko kuti mlomo wake ulingane ndi nthaka, thirani madzi kufika theka, pingasani waya pamwamba wolowetsedwa m'kachitini kapena chitsononkho chozungulira, n'kupaka chiponde. Mbewa ikakwera, chimatembenuka n'kuigwetsera m'madzi. Ndowayi ikhale kumunda, osati pabwalo pamene pali ana okwawa, chifukwa mwana wamng'ono amamira m'madzi ochepa.

Nthawi yotchera ndi yofunika kuposa kuchuluka kwa misampha. Yambani sabata ziwiri kapena zitatu mvula yobzalira isanagwe, pamene mbewa zili zochepa komanso zanjala. Mbewa yaikazi imodzi imene mwagwira mu November ndi mbewa zambirimbiri zimene simudzaziona mu April. Lambulani udzu m'malire a munda, m'ngalande ndi pa zulu. Bzalani nthawi imodzi ndi oyandikana nawo minda, chifukwa munda wobzalidwa wokha, moyambirira kapena mochedwa, umasanduka mbale ya mbewa za dera lonse. Pa mfuko, alimi ambiri amabzala ombwe, amene ena amati mthuthu, m'malire ndi m'kati mwa munda wa chinangwa kapena mbatata, ndipo masamba ake amawonjezeranso chonde.

Akatswiri a ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro m'dziko la Tanzania akhala akufufuza za mbewa ndi makoswe kwa zaka zambiri, ndipo phunziro lalikulu la ntchito yawo ndi lakuti kutchera kumapindula pamene mudzi wonse ukuchita pamodzi komanso mosalekeza. Izi n'zoona kwambiri m'tauni. Pa poloti ya mabanja 6 a lendi, inu mukagwira makoswe anu, a kwa aneba amalowa mawa lake kudzera pa mtanda womwewo. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani ndi alandilodi, amfumu kapena abuloko lida, eni chigayo ndi komiti ya msika, mugwirizane sabata imodzi yoti aliyense atchere ndi kusesa. Banki mkhonde yanu ingagule misampha yomazungulira nyumba ndi nyumba. Koma musankhe munthu mmodzi wosunga kaundula wa misampha ndi chiwerengero cha makoswe ogwidwa, paja mbewa zikachuluka siziika masa.

Chenjerani ndi mankhwala a m'timapepala

M'misika yathu mumapezeka timibulu takuda tomangidwa m'timapepala, timene anthu amati tameki. Mankhwala amenewa anapangidwira tizilombo ta m'nthaka ndi ta pa mbewu, osati makoswe a m'nyumba, ndipo pang'ono pokha amapha munthu wamkulu. Aphetsa agalu, amphaka, nkhuku, ngakhalenso ana amene anatola nsima ya nyambo. Musawalowetse m'nyumba mwanu. Mapiritsi ofukizira chimanga nawonso ndi oopsa. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo ndi oyenera anthu ophunzitsidwa okha, m'nyumba zosungiramo katundu momwe simugona anthu. Kuika piritsi lotere m'thumba limene lili kuchipinda kapena pabalaza ndi kuika banja lonse pa ngozi.

Ngati misampha yalephera ndipo mukufunadi mankhwala, gulani kwa wogulitsa zipangizo zaulimi wovomerezeka, m'paketi yosatsegula, yokhala ndi malangizo komanso yolembetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board. Mankhwala ambiri ovomerezeka amapha pang'onopang'ono, pakatha masiku atatu mpaka sabata, choncho musawonjezere muyezo poganiza kuti sakugwira. Ikani nyamboyo m'kati mwa paipi kapena kabokosi koboola mbali ziwiri, komwe mwana ndi nkhuku sangafikire. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. Wina akadya mwangozi, musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, monga cha Kawale, cha Area 25 kapena ku Kamuzu Central, mutatenga paketi ya mankhwalawo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho.

Khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Valani jumbo kudzanja, mumukwirire mozama kapena mumuponye m'chimbudzi chokumba. Makoswe amanyamula utitiri umene umafalitsa matenda a plague, omwe ena amati mliri wa makoswe. Matendawa anabukapo ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002, komanso kwa anzathu a ku Zambia, ku Petauke mu 2001 ndi ku Nyimba mu 2015. Mukaona makoswe akufa okha ambiri popanda amene wathira mankhwala, dziwitsani alangizi a zaumoyo msanga. Mikodzo ya makoswe nayo imadwalitsa, choncho vundikirani chakudya ndi madzi akumwa.

Mbewa ndi ndiwo, koma moto ayi

Palibe amene akukuletsani mbewa. Ndi ndiwo ya makolo, ndipo anyamata ambiri amapeza ndalama ya sopo ndi makope poigulitsa m'mbali mwa msewu. Kukumba ndi kutchera mbewa m'munda mukatha kukolola kumathandizanso mlimi. Pali zinthu ziwiri zokha zoti tigwirizane. Choyamba, m'munda momwe mwathiridwa mankhwala a makoswe musagwidwe mbewa zodya, ndipo wothirayo auze anzake onse. Mbewa yopezeka itafa yokha kapena yoyenda mozandima si ndiwo. Chachiwiri, tisatenthe tchire. Moto wosakira mbewa umapsereza mapesi amene akanaphimbira nthaka ndi kusanduka manyowa, umapha mitengo ing'onoing'ono, ndipo m'tauni umafika msanga pa mipanda ndi nyumba. Inu a ulimi wa mtayakhasu mukudziwa kuti mapesi ophimbira amabisa mbewa. Yankho lake ndi kutchera misampha m'mizere, osati machesi. Anyamata akakumba, akwirire maenje ndi kubwezeretsa mizere ya mwini munda.

Alonda osalipidwa

Kadzidzi ali ndi mbiri yoipa pakati pathu, ndipo ambiri akamumva padenga amatola mwala. Koma chimene wabwerera padengapo ndi makoswe anu. Kadzidzi mmodzi amadya mbewa kapena khoswe usiku uliwonse, ndipo akakhala ndi ana amatuta ochuluka. M'maiko ena alimi amachita kumumangira bokosi loti aswerane pafupi ndi munda. Inu mungayambe ndi kuzika mitengo italiitali yokhala ndi kamtanda pamwamba m'munda mwanu, kuti akadzidzi usiku ndi mbalame zina zodya mbewa masana zizitera poyang'ana pansi. Mphaka wodyetsedwa bwino amaopseza makoswe m'nyumba, ngakhale yekha sangawamalize. Dziwaninso kuti mukathira mankhwala mwachisawawa, kadzidzi ndi mphaka amene adye khoswe wodwalayo amafa naye limodzi, ndipo makoswe otsalawo amaswana popanda wowaopsa.

Ngakhale bwampini amene timamuona ngati mbala ali ndi ntchito kwina. Bungwe la APOPO ku Morogoro limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi ndi matenda a TB m'makhololo, ndipo anathandiza nawo kuyeretsa minda ya ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi mabomba okwirira amene ankadziwika. Mphuno yotha kupeza bomba pansi pa nthaka singalephere kupeza thumba la chimanga limene mwalisiya pakona.

Zoti muchite sabata ino

Lero madzulo wazani phulusa mozungulira matumba. Mawa kwezani matumbawo pa thandala, muwatalikitse kukhoma, ndipo mutseke maenje amene mapazi akuonetsani. Loweruka kumanani ndi aneba mugwirizane za tsiku loyamba kutchera. Lembani chiwerengero cha makoswe ogwidwa tsiku lililonse. Chikayamba kutsika musasiye, chepetsani misampha koma ina ikhalebe yotchera chaka chonse. Mu October mudzayambe za kumunda, mvula isanagwe.

Ngati mbewa zachuluka modabwitsa m'dera lanu, kapena mbewu zafukulidwa munda wonse, dziwitsani mlangizi wa zaulimi wa dera lanu msanga kuti uthenga ufike ku ofesi ya zaulimi ya boma la Lilongwe ndi kwa akatswiri a ku Chitedze. Ndalama imene kalabu yanu imafuna kusonkhera mfuti igule misampha, waya, simenti ndi mgolo. Chimanga chimene mwavutikira chaka chino chidyedwe ndi ana anu mpaka chifike china.